Keno ya pa Foni: Aphunzitsi a Masamu Ayankha Makalata a Omvera

WOULUTSA: Tinapempha kuti mutilembere za juga ya pa foni, ndipo makalata ambiri amene afika akukamba za keno. Ndili ndi aphunzitsi a masamu amene anaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri asanapume pa ntchito.



Tiyambe ndi mayi ena a ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe. Akuti: "Mwana wanga wa zaka 24 amangokhalira kudinadina manambala pa foni mpaka usiku. Ndikamufunsa amati si juga, ndi keno, masewera a manambala basi. Kodi keno ndi chiyani?"

APHUNZITSI: Mayi, keno ndi juga, musakayike. Pa foni ya mwana wanuyo pamaoneka manambala 80, kuyambira 1 kulekeza 80. Iye amasankhapo amene akufuna, kawirikawiri osapitirira khumi, n'kuikapo ndalama. Kenako makina amatulutsa manambala 20. Amene agwirizana ndi ake amawala, ndipo malipiro amatengera kuchuluka kwa amene awalawo. Masewerawa anachokera ku China, kumene ankagwiritsa ntchito zilembo 80 za Chitchaina m'malo mwa manambala. Anthu a ku China amene anapita kukagwira ntchito ku America m'zaka za m'ma 1800 ndi amene anawapititsa kumeneko, ndipo pamene dera la Nevada linaloleza juga mu 1931, sanachedwe kulowa m'makasino.

Koma chimene chikumusunga mwana wanu pa foni mpaka usiku ndi ichi. Manambala 20 pa 80 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye munthu akasankha manambala khumi, nthawi zambiri amaona awiri kapena atatu akuwala. Mtima umati, "Ee, ndatsala pang'ono!" Pamene sanatsale pang'ono ayi. Pa masewera 100 aliwonse, pafupifupi 94 amathera pa manambala anayi kapena ochepera apo, ndipo m'malo ambiri malipiro enieni amayambira pa asanu. Amaona kuwala nthawi zonse, ndalama n'kumapita.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri yachokera kwa achimwene a kabaza ku Zomba. Akuti: "Ine sinditaya ndalama zambiri. Ndimangoika K200 pa ulendo, ndalama yosakwana ndi ya mandasi a ana. Nthawi zina ndimadya, nthawi zina ndimadyedwa. Cholakwika n'chiyani?"

APHUNZITSI: Achimwene a ku Zomba, funso lanu ndilo phata la nkhani yonseyi, ndiye mundilole nditenge nthawi. Mtengo wa keno si K200 imene mumaikayo. Mtengo wake ndi kagawo kamene eni masewera amadula ndalama yanu ikazungulira, ndipo amadula ulendo uliwonse.

Titenge keno yosavuta kwambiri, yosankha nambala imodzi yokha. Mwaika K1,000 pa nambala 7. Mwayi woti 7 ituluke ndi 20 pa 80, kutanthauza kamodzi pa maulendo anayi. Pakanakhala kuti palibe wodyerera mnzake, mukapambana mukanalandira K4,000, kuti pa maulendo anayi zimene mwaika ndi zimene mwalandira zifanane. Koma malipiro odziwika a keno yotereyi ndi katatu ndalama imene mwaika, K3,000. Mwaponya K4,000, yabwerera K3,000. K1,000 yatsala kwa eni ake. Pa K100 iliyonse, K25 ndi yawo musanadine n'komwe. Sanabe, sanasokoneze makina. Zinalembedwa poyera pa tebulo la malipiro. Kuti muone kukula kwake, gudumu la roulette la ziro mmodzi limadula K2.70 pa K100. Keno ili m'gulu la masewera odula kwambiri m'nyumba za juga.

WOULUTSA: Koma aphunzitsi, ena akuti ya pa intaneti sidula kwambiri chonchi.

APHUNZITSI: Akunena zoona pang'ono. Ma keno ena a pa intaneti amadula zochepa, ena osafika K10 pa K100. Pa tsamba la malamulo a masewerawo pamakhala zilembo zitatu, RTP, ndi nambala pambali pake. Mukaona RTP 90%, ndiye kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse aika, K90 imabwerera kwa osewera, K10 n'kutsala. Ngati nambala imeneyi sakuionetsa paliponse, chimenecho chokha chikuuzeni kanthu.

Koma ya pa foni ili ndi liwiro. M'kasino wakale munthu ankadikira mphindi zingapo kuti timipira titulutsidwe. Pa foni, masewera amatha musanameze malovu. Tiyerekeze kuti achimwene athuwa akusewera modekha, kamodzi pa mphindi, atakhala pa njinga pa siteji kudikira makasitomala. Pa ola limodzi asewera ka 60. K200 kuchulukitsa ka 60 ndi K12,000. Mwina anaika K5,000 yokha mu akaunti, koma ndalama yomweyo ikupita, ikubwera, ikupitanso, ndipo yonse imene yadutsa m'makina yakwana K12,000. Eni masewera akamadula K10 pa K100, atenga K1,200 pa ola. Maola awiri pa tsiku, mwezi wathunthu, ndi K72,000. Pa keno yodula K25 ija, ndi K180,000. Apa sitinawerengere bandulo, kapena makasitomala amene adutsa inu maso ali pa foni.

Zili ngati kuthira madzi kuchoka mu ndowa ina kupita mu ina, ulendo uliwonse chikho chimodzi n'kutayikira pansi. Ulendo woyamba simuona kusiyana. K5,000 ikazungulira kamodzi imatsala K4,500, kachiwiri K4,050, kachitatu K3,645, ndipo ikamafika kachisanu ndi chiwiri yatsika kupitirira theka. Masiku ena mudzadya, zoonadi, ndipo mudzawakumbukira bwino masiku amenewo. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi wathawu, mulembe papepala ndalama zonse zimene munatumiza ku juga mbali ina, zimene munatapako mbali inayo. Musadalire mutu. Mutu umasunga tsiku lodya, n'kutaya masiku odyedwa.

WOULUTSA: Bambo ena a ku Kasungu, alimi a fodya, akufunsa mwachidule: "Ine ndimafuna jakipoti ya manambala khumi. Mwayi wake ndi wotani?"

APHUNZITSI: Bambo, tikwere makwerero pamodzi. Mukasankha manambala awiri, kuti onse atuluke ndi kamodzi pa maulendo pafupifupi 17. Atatu, kamodzi pa 72. Anayi, kamodzi pa 326. Asanu, kamodzi pa 1,551. Asanu ndi limodzi, kamodzi pa 7,753. Tikadumpha kufika pa khumi, ndi kamodzi pa 8,911,711. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni. Theka la anthu onsewo, kuyambira makanda mpaka agogo, aliyense atasewera kamodzi, woyembekezeka kupambana ndi mmodzi. Kapena tinene kuti inu nokha mukusewera mphindi iliyonse, usana ndi usiku, osagona, osapita kumunda: maulendo amenewa mudzawakwanitsa patatha zaka pafupifupi 17, mutaponya ndalama zoposa K1.7 biliyoni pa K200 ulendo uliwonse. Ndipo ngakhale pamenepo palibe lonjezo. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka, bambo, ndipo feteleza akudikira.

WOULUTSA: Iyi ndi yaitali, yachokera kwa alonda a pa sitolo ina ku Limbe. Atumizanso chithunzi cha kope lawo. Omvera simungaone, koma ndi kope la ana asukulu, ajambula mizere ndi rula, manambala 1 mpaka 80 m'mbali, ndipo nambala iliyonse ikatuluka amaika kamzere ka bolopeni yofiira. Masamba adzaza. Akuti nambala 41 yakhala osatuluka maulendo 12, ndiye yapsa, ili pafupi kugwa. Akutinso akadyedwa amawirikiza kawiri ndalama yoika kuti abweze zotayika.

APHUNZITSI: Ndaliona kopeli, ndipo khama lake ndi lalikulu. Bambowa ndi munthu wadongosolo, wamanja aukhondo, amene angasunge bwino mabuku a sitolo. N'chifukwa chake zikundipweteka kunena kuti kopeli silingawathandize. Makina otulutsa manambala sakumbukira za dzulo. Ulendo uliwonse manambala onse 80 amabwezedwa, n'kuyambiranso. Nambala 41 kaya yakhala osatuluka maulendo 12, kaya yatuluka katatu motsatizana, mwayi wake pa ulendo wotsatira ndi womwewo, kamodzi pa anayi. Komanso kusowa maulendo 12 si chodabwitsa. Nambala iliyonse ili ndi mwayi pafupifupi 3 pa 100 wosowa chonchi, ndiye pa manambala 80, nthawi ina iliyonse mudzapeza awiri kapena atatu amene "apsa". Ku kasino wa Monte Carlo mu 1913, kampira ka roulette kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chochuluka akuunjika ndalama pa wofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana.

Zowirikiza kawirizo ndiye zoopsa koposa. Mwayamba ndi K500. Mwadyedwa, mwaika K1,000. Kenako K2,000, K4,000, K8,000. Ulendo wachikhumi mukuika K256,000, ndipo mukadyedwanso zonse pamodzi zakwana K511,500. Mwina mukuti kudyedwa kakhumi motsatizana sikungachitike. Pa keno ya nambala imodzi, pamene mumadyedwa katatu pa maulendo anayi, zimachitika kamodzi pa mizere 18 iliyonse yotere. Munthu wosewera usiku wonse pa ulonda akumana nazo sabata isanathe. Malipiro a mlonda amakhala atatha kale pa ulendo wachisanu ndi chitatu.

WOULUTSA: Tiwoloke malire. Mchemwali wathu amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg walemba pa WhatsApp: "Kuno ku Joni timagula vocha pa shopu ya spaza, timalowetsa PIN, basi tayamba kusewera. Sitipereka nambala ya ku banki. Kodi si njira yotetezeka imeneyi? Ndimagula ya R50 yokha, ikatha yatha."

APHUNZITSI: Achemwali, pali zinthu ziwiri zimene mwanena zoona. Vocha, monga 1Voucher kapena OTT Voucher kumeneko, kapena Paysafecard ku Ulaya, siulula akaunti yanu ya ku banki. Komanso singakulowetseni m'ngongole yokha, chifukwa mumalipiriratu. Ku Britain analetsa kutchova juga ndi makadi a ngongole mu Epulo 2020 pa chifukwa chomwechi, kuti anthu asamabetche ndalama zimene alibe. Koma vocha sisintha masamu a keno ngakhale pang'ono. R50 yolowa ndi vocha imadulidwa chimodzimodzi ndi R50 yolowa ndi khadi. Ndipo zoti "ikatha yatha" zimagwira ntchito ngati shopu ili kutali. Ya spaza ili pakhomo panu pomwepo, imatseka usiku kwambiri. Vocha yachiwiri ndi yachitatu zimagulidwa tsiku lomwelo, ndipo popeza mumalipira ndi ndalama ya m'manja n'kutaya kapepalako, kumapeto kwa mwezi palibe paliponse polembedwa kuti mwaononga zingati. Sungani timapepala timeneto m'chitini mwezi umodzi, mudzatiwerenge.

Chachikulu chimene ambiri amachidziwa mochedwa n'chakuti vocha ndi khomo lolowera lokha. Polowetsa ndalama sakufunsani kuti ndinu yani. Potulutsa ndiye amafuna zonse. Ku South Africa lamulo la FICA limakakamiza makampani kutsimikizira kuti kasitomala ndi ndani, ndiye amafuna chiphaso kapena pasipoti, ndipo kawirikawiri umboni wa kumene mukukhala ndi akaunti ya m'dzina lanu. Abale athu ambiri kumeneko ali ndi pasipoti yotha ntchito, kapena anatsegula akaunti ya juga m'dzina la mnzawo. Atadya, ndalama ikuoneka pa foni koma satha kuitapa. Amatani? Amapitiriza kusewera nayo mpaka itatha. Chinanso, lamulo la juga la dzikolo la 2004 limalola kubetcha pa intaneti kudzera kwa makampani a ziphaso za m'zigawo, koma kasino wa pa intaneti sililola, ndipo ndalama zopambana pa juga yosaloledwa boma likhoza kulanda. Ndiye musanagule vocha, onani pansi pa tsamba la kampaniyo ngati yalemba nambala ya chiphaso ndi bungwe la chigawo limene linapereka.

PIN ija ndi ndalama. Amene waiona woyamba n'kuilowetsa, ndi yake, ndipo kuibweza n'kovuta kwambiri. Munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire chithunzi cha vocha kuti akupatseni manambala odzatuluka, kapena kuti "atsegule" ndalama zimene mwapambana, ameneyo ndi wakuba. Ngati zafika pokulemerani, kumeneko kuli nambala yaulere ya South African Responsible Gambling Foundation, 0800 006 008.

WOULUTSA: Pa nkhani yomweyi, mnyamata wa ku Mzuzu akuti amagula vocha ya mayuro kwa munthu wina wa pa Facebook, amalipira ndi ndalama ya pa foni, kuti azisewera pa tsamba la kunja limene akuti limalipira bwino.

APHUNZITSI: Mwana wanga, werengera anthu amene akudya ndalama yako isanafike pa keno. Potumiza pa foni pali kodulidwa. Wogulitsa vochayo sakugulitsa yuro pa mtengo wa ku banki, akugulitsa pa mtengo wa mumsewu, n'kuikaponso phindu lake. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera kuno, makamaka chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsambalo likamagwiritsa ntchito madola, yuro ija isinthidwanso, adulenso. Mavocha ena akakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito amayamba kudulidwa mwezi ndi mwezi. Zonsezi usanasankhe nambala ngakhale imodzi. Ndipo ukapambana, ndalamayo ibwera bwanji ku Mzuzu? Kuno kwathu juga imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022. Kampani ya chiphaso chawo ikakana kukulipira, uli ndi kokadandaula. Tsamba la kutsidya kwa nyanja likatseka akaunti yako, ulira wekha. Amene mumasewera pa makampani a kuno, kumbukiraninso kuti boma limadula msonkho pa zopambana pa juga, ndipo mlingo wake umasintha ndi bajeti, ndiye nambala yowala pa foni si yonse imene ifike m'thumba.

WOULUTSA: Nanga bonasi? Omvera angapo afunsa. Akuti ukaika K10,000 amakupatsa K10,000 ina yaulere.

APHUNZITSI: Awerenge timalemba ting'onoting'ono ta pansi. Bonasi imabwera ndi lamulo loti muizungulitse kangapo musanaitape. Tinene kuti alemba ka 30. Ndiye kuti pa K10,000 yaulereyo muyenera kubetcha ndalama zokwana K300,000. Keno yodula K10 pa K100 idzakhala itatenga K30,000 pofika pamenepo, katatu mphatso imene anakupatsani, ndipo ndalama yanu yeniyeni ija yalowa momwemo. Makampani ena bonasi saipereka kwa olipira ndi vocha, ena masewera ngati keno sawawerengera mokwanira pa kuzungulitsako. Ine malangizo anga ndi akuti bonasi muziikana.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera kwa mayi amene apempha kuti tisatchule dera lawo. Akuti: "Ndine msungichuma wa banki m'khonde. Ndalama za gulu zimakhala pa foni yanga. Ndapeza kuti amuna anga akhala akuzitapa usiku n'kumaseweretsa keno. Zasowa K340,000, ndipo tigawana mwezi wamawa. Akulira, akuti ndiwapatse K50,000 yokha abweze zonse. Ndichite bwanji?"

APHUNZITSI: Mayi, pepani kwambiri. Mwanyamula katundu wolemera, ndipo mwachita bwino kulankhula. K50,000 imeneyo musawapatse. Kuti ibale K340,000 pa masewera odula chonchi, njira yofala kwambiri n'njakuti nayonso ipita, ngongole ifike K390,000. Kufuna kubweza zotayika ndi juga yomweyo ndicho chizindikiro chachikulu chakuti munthu wagwidwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limauwerengera mchitidwe umenewu m'gulu la matenda, pamodzi ndi zizolowezi zina zovuta kusiya. Sindikunena izi kuti ndiwachotsere mlandu bambowo. Anatenga ndalama za eni, ndipo ayenera kubweza. Ndikunena kuti mudziwe kuti misozi yawo ikhoza kukhala yoona, lonjezo lawo n'kukhala loona, koma foni ikakhala m'manja usiku n'kubwerezanso.

Lero lomwe sinthani PIN ya foni yanu, ndipo ndalama zotsalazo zichoke pamene iwo angazifikire. Musathamangire kwa akatapila kuti mutseke dzenjelo mwachinsinsi, chifukwa chiwongoladzanja chawo chidzakumizani nonse awiri. Pitani kwa apampando a gulu tsiku logawana lisanafike, bambowo ali pomwepo, mukanene zimene zachitika ndi mmene mubwezere, kaya pang'onopang'ono, kaya pogulitsa kanthu. Zidzawawa, koma gulu limamva msanga munthu wobwera yekha kusiyana ndi wogwidwa pa tsiku lowerenga ndalama. Ankhoswe adziwe, chifukwa nkhaniyi si yanu nokha. Bambowo alembere kampani imene amasewerako kuti itseke akaunti yawo, inu mukuona, ndipo kwa miyezi ingapo malipiro awo azifikira m'manja mwanu kapena mwa mbale amene nonse mumamukhulupirira.

Chinanso, mayi, muziwayang'anitsitsa. Ngongole ya juga ndi manyazi zimafikitsa anthu ena poganiza zodzichotsera moyo. Akayamba kulankhula zoti kuli bwino kufa, kapena kudzipatula osadya, musadikire kuti kuche. Pitani nawo ku chipatala cha boma chapafupi mukafunse a zaumoyo wa maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a zizolowezi zovuta kusiya, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo. Inunso mukufunika wolankhula naye, kaya mlangizi, kaya abusa kapena ashehe amene amasunga chinsinsi.

WOULUTSA: Mayi, tikukhulupirira mwamva, ndipo mutilemberenso kutiuza mmene zayendera. Nthawi yatithera. Makalata amene sitinawerenge, makamaka okhudza kubetcha pa mpira, tiwayankha sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.